Coup d'état: mawu a Chifalansa amene anatembenuka tanthauzo atalowa m'Chingerezi

Kusanache pa 15 Novembala 2017, mmodzi mwa akuluakulu a asilikali a ku Zimbabwe, Sibusiso Moyo, anaonekera pa kanema wa boma wa ZBC atavala yunifolomu ya usilikali, ndipo anauza mtundu wonse kuti Pulezidenti Robert Mugabe ndi banja lake ali bwinobwino, kuti asilikali akungosaka zigawenga zimene zamuzungulira, ndiponso kuti zimene zikuchitikazo si kulanda boma. Pa nthawi imeneyo n'kuti galimoto zankhondo zitatseka misewu ina ya mu Harare, nyumba youlutsira mawuyo ili m'manja mwa asilikali, ndipo Mugabe sankathanso kutuluka pakhomo pake mwaufulu. Munthu angadabwe kuti bwanji anthu amene ali ndi mfuti m'manja, amene palibe angawaletse kanthu, ankavutika chonchi ndi dzina la chinthu chimene akuchita. Chimene ankachiopa ndi mawu amene atolankhani olemba m'Chingerezi anali atayamba kale kuwagwiritsa ntchito m'mawa womwewo: coup d'état.

Mawuwa ndi a Chifalansa, ndipo Angerezi anawabwereka osawasintha kalembedwe. Liwu loyamba, coup, limatanthauza kumenya kamodzi, monga khofi, chibakera kapena nkhwangwa ikagwa pamtengo. Gwero lake ndi liwu la Chilatini lakuti colaphus, limene Aroma nawonso analitenga kwa Agiriki, ndipo kumeneko linkatanthauza kuomba munthu mbama. Kachilembo ka d kokhala ndi kachizindikiro pamwamba ndi chidule cha de, amene amagwira ntchito yofanana ndi "cha" kapena "ya" m'Chichewa. Afalansa amameza e wakeyo liwu lotsatira likayamba ndi lembo la liwu, monga momwe ife timanenera kuti "n'zoona" m'malo mwa "ndi zoona". Liwu lomaliza, état, ndilo boma kapena dziko ndi ulamuliro wake. Kalelo linkalembedwa kuti estat, kuchokera ku status wa Chilatini, ndipo kamzere kali pamwamba pa e kakuima pamalo pa s amene anagwa. Choncho état ndi m'bale weniweni wa mawu a Chingerezi akuti state ndi estate. Afalansa eni ake amalemba État ndi chilembo chachikulu akamanena za boma, pofuna kusiyanitsa ndi état wa chilembo chaching'ono, amene amatanthauza mkhalidwe umene chinthu chilimo, koma olemba Chingerezi ambiri salabadira zimenezi.

Katchulidwe kake kamapunthwitsa anthu ambiri, ndipo ife a Chichewa tili ndi chifukwa chomveka chopunthwira. Chinenero chathu chimawerengedwa monga momwe chalembedwera, ndipo sitikonda kusiya liwu likuthera m'malere popanda a, e, i, o kapena u kumapeto, n'chifukwa chake school anasanduka sukulu. Mwana wa sukulu akaona coup d'état pa bolodi koyamba, lilime lake limathamangira kunena kuti "kupu detati". Koma m'Chifalansa zilembo zambiri zakumapeto sizitchulidwa: p wa coup ndi t womaliza wa état onse ndi osalankhula, kotero kuti mawuwa amamveka ngati "ku deta", ndipo mphamvu ya mawu imagwera kumapeto. Zikakhala zambiri, s amaikidwa pa liwu loyamba, coups d'état, chifukwa chimene chachuluka ndi kumenyako, boma likadali limodzi. M'Chifalansa s ameneyu samveka konse, pamene Angerezi akafupikitsa n'kulemba kuti coups amatchula ngati "kuuz".

Chingerezi chinamwa Chifalansa maulendo awiri akuluakulu, ndipo kudziwa zimenezi kumathandiza kumvetsa chifukwa chake mawuwa akuonekabe achilendo. Ulendo woyamba unayamba mu 1066, pamene William wa ku Normandy anagonjetsa England, ndipo kwa zaka mazana angapo mafumu, oweruza ndi olemera ankayankhula Chifalansa. Mawu amene analowa nthawi imeneyo, monga government, parliament, justice ndi court, anazolowera moti Mngerezi wamba sawaona ngati obwera. Ulendo wachiwiri unadza pambuyo pake, makamaka kuyambira m'zaka za m'ma 1600, pamene Chifalansa chinali chinenero cha akazembe ndi anthu ophunzira a ku Ulaya konse. Mawu olowa mochedwawa anasunga zovala za kwawo, ndipo coup d'état ali m'gulu limeneli.

Chimene chimandikopa kwambiri pa mawuwa, ndipo ndikuona kuti ndicho mtima wa nkhani yonse, n'chakuti poyamba womenyayo anali boma lenilenilo. Masiku ano tikamva coup d'état timaganiza za boma likumenyedwa, koma kwa Afalansa a m'zaka za m'ma 1600 linali dzanja la mfumu likugwa modzidzimutsa pa adani ake, mosatsata malamulo a masiku onse. Pa 24 Epulo 1617, mfumu Louis XIII, amene anali mnyamata wa zaka 15, analamula kuti Concino Concini, Mtaliyana amene anali ndi mphamvu zambiri m'boma chifukwa chokondedwa ndi mayi a mfumuyo, agwidwe. Alonda a mfumu anamuwombera pakhomo pa nyumba yachifumu ya Louvre, popanda bwalo la milandu kapena chigamulo chilichonse. Zoterezi ndizo zinkatchedwa coup d'État, ndipo mawuwa sanali onyoza. Mu 1639, Gabriel Naudé, katswiri wosunga mabuku amene pambuyo pake anadzatumikira Kadinala Mazarin, nduna yaikulu ya France, anatulutsa ku Rome buku lotchedwa Considérations politiques sur les coups d'État, momwe anafotokoza kuti izi ndi ntchito zolimba mtima ndi zosazolowereka zimene olamulira amakakamizika kuchita zinthu zikafika povuta, ngakhale zikuphwanya malamulo, pofuna ubwino wa onse. Naudé anafika potamanda kuphedwa kwa Apulotesitanti ambirimbiri mu 1572, pa tsiku la Bartholomew Woyera, ngati chitsanzo cha nzeru yotereyi. Zimanyansa kuwerenga, koma zikusonyeza poyera kuti mawuwa anabadwira m'nyumba ya mafumu, ndipo anali chida chofotokozera chifukwa chake wolamulira angaime pamwamba pa lamulo.

Tanthauzo linayamba kupendekeka mafumu atachotsedwa ndipo mphamvu zitagawidwa pakati pa nthambi zingapo za boma. Kukakhala Nyumba ya Malamulo, nduna ndi asilikali, aliyense ndi gawo lake, nthambi imodzi ingathe kumenya inzake. Pa 9 Novembala 1799, tsiku limene kalendala ya ku France ya nthawiyo inkalitcha 18 Brumaire, Napoleon Bonaparte anagwirizana ndi Emmanuel Sieyès, mmodzi mwa anthu asanu amene ankatsogolera dziko, kuti agwetse dongosolo limene Sieyès yemweyo ankalitumikira. Aphungu anasamutsidwira ku Saint-Cloud, kunja kwa Paris, powanamiza kuti pali chiwembu, ndipo tsiku lotsatira asilikali anawabalalitsa m'chipinda chawo chokumanira. Apa zonse zimene timazidziwa lero zinaonekera pamodzi: anthu a m'kati mwa boma, mkulu wa asilikali, liwiro, ndi bodza lakuti akupulumutsa dziko.

Koma chimene chinakhazikitsa mawuwa m'nyuzipepala za ku London ndi zimene anachita mwana wa mng'ono wake wa Napoleon, Louis-Napoléon Bonaparte. Iyeyu anasankhidwa kukhala pulezidenti wa France mu Disembala 1848, ndipo malamulo oyendetsera dziko ankamulola zaka zinayi zokha popanda kuimanso nthawi yomweyo. Mu Julayi 1851 anayesa kusintha lamulolo, koma mavoti a aphungu sanafike pa magawo atatu mwa anayi amene ankafunika. Usiku wa pa 1 kuchezera pa 2 Disembala 1851, asilikali anazinga nyumba yosindikizira mabuku ya boma, ndipo ogwira ntchito anasindikiza zikalata usiku wonse ali pansi pa ulonda. Kusanache apolisi anagogoda pamakomo a aphungu ndi akuluakulu a asilikali amene akanatha kutsutsa, kuphatikizapo Adolphe Thiers ndi Jenerali Cavaignac, n'kuwatenga ali chigonere. Anthu a mu Paris podzuka anapeza makoma atamatidwa zikalata zonena kuti Nyumba ya Malamulo yathetsedwa. Tsikulo silinasankhidwe mwangozi, chifukwa pa 2 Disembala ndi pamene Napoleon woyamba anavekedwa ufumu mu 1804 ndiponso pamene anapambana nkhondo ya ku Austerlitz mu 1805. Amene anayesa kukana anawomberedwa m'misewu, ndipo mmodzi mwa ophedwawo anali phungu Alphonse Baudin. Mlembi Victor Hugo anathawa m'dzikomo ndipo sanabwerere mpaka mu 1870. Patatha chaka chimodzi, pulezidenti uja anadziveka ufumu n'kudzitcha Napoleon III.

Nkhaniyi inagwedeza ndale za ku Britain komwe. Nduna yoona za kunja, Lord Palmerston, anauza kazembe wa France kuti akugwirizana ndi zimene Louis-Napoléon anachita, pamene boma lake linali litagwirizana zosatenga mbali, ndipo mwezi womwewo wa Disembala anachotsedwa pa udindo. Angerezi anali atawadziwa kale mawuwa, koma kuyambira pamenepo anakhala mawu a tsiku ndi tsiku kwa aliyense wowerenga nkhani za kunja. Onani kuti ngakhale apa womenyayo anali pulezidenti amene ali pampando. Tanthauzo limene tazolowera, la asilikali kuchotsa mtsogoleri, linakula m'zaka za m'ma 1900, pamene zoterezi zinachuluka ku Latin America, ku Middle East, ku Asia ndi mu Africa muno. Pulezidenti Sylvanus Olympio wa ku Togo anaphedwa ndi asilikali pa 13 Januwale 1963, Kwame Nkrumah wa ku Ghana anachotsedwa pa 24 Febuluwale 1966 ali pa ulendo wa kunja, ndipo pofika nthawi imeneyo mawuwa anali atatembenukiratu.

Akatswiri a ndale masiku ano amawagwiritsa ntchito mosamala kuposa atolankhani. Jonathan Powell ndi Clayton Thyne, amene anasonkhanitsa kaundula wa zochitika zoterezi kuyambira mu 1950, amati coup d'état ndi kuyesa poyera komanso mosatsata malamulo kuchotsa mtsogoleri amene ali pampando, kochitidwa ndi asilikali kapena anthu ena apamwamba a m'kati mwa boma, ndipo amati yatheka ngati olandawo agwira mphamvu kwa masiku osachepera asanu ndi awiri. Mfundo yofunika kwambiri pamenepa ndi yakuti ochitawo ndi a m'kati. Zigawenga zochokera kutchire zikamenya nkhondo zaka zambiri mpaka kulowa mu likulu, imeneyo ndi nkhondo yapachiweniweni. Khamu la anthu wamba likadzaza misewu mpaka boma kugwa, Angerezi amati revolution. Coup d'état imachitidwa ndi anthu ochepa amene ali kale ndi makiyi a nyumba, ndipo n'chifukwa chake imathamangira malo ochepa okha: nyumba ya mtsogoleri, bwalo la ndege ndi nyumba ya wailesi. Ku Zambia, pa 28 Okutobala 1997, Kaputeni Stephen Lungu, amene ankadzitcha Captain Solo, analengeza pa wailesi ya boma ku Lusaka kuti walanda boma la Frederick Chiluba, koma asilikali ena sanamutsatire ndipo zonse zinatha patangopita maola ochepa. Izi m'Chingerezi zimatchedwa attempted coup kapena failed coup. Komanso si nthawi zonse pamene asilikali akatuluka m'misasa yawo ndiye kuti alanda boma: mu Disembala 1993 asilikali a Malawi analanda zida za a Malawi Young Pioneers pa Operation Bwezani, koma sanakhudze mpando wa utsogoleri, ndipo dziko linapita ku chisankho cha pa 17 Meyi 1994.

Malirewa nthawi zina amasokonekera. Pa 25 Epulo 1974, asilikali a maudindo apakati ku Portugal, otopa ndi nkhondo za ku Angola, Guinea-Bissau ndi Mozambique, anagwetsa boma la Marcelo Caetano. Kayambidwe kake kanali ka coup d'état ndithu, koma anthu a mu Lisbon anakhamukira m'misewu n'kumaika maluwa kukamwa kwa mfuti za asilikali, ndipo mbiri imakumbukira tsikulo ngati revolution. Zotsatira zake zinafika mpaka kwa abale athu a ku Tete ndi ku Niassa, pakuti mu Seputembala chaka chomwecho Portugal inasainirana pangano ndi Frelimo ku Lusaka, ndipo Mozambique inalandira ufulu pa 25 Juni 1975. Dzina limene chinthu chimatsala nalo kawirikawiri limadalira mmene anthu anachilandirira ndi amene anapambana.

Tibwerere tsopano kwa Sibusiso Moyo ndi mantha ake. Mawuwa ali ndi mtengo wake m'malamulo. Mu 2000, bungwe la Organisation of African Unity linagwirizana ku Lomé kuti silidzavomereza boma lolowa mosatsata malamulo oyendetsera dziko, ndipo ndime 30 ya pangano lokhazikitsa African Union imati boma lotere lisaloledwe kutenga nawo mbali pa zochitika za bungweli. Ku United States, lamulo la ndalama zothandizira maiko akunja lili ndi ndime yotchedwa Section 7008, imene imaletsa thandizo lina ku boma la dziko limene mtsogoleri wake wosankhidwa wachotsedwa ndi asilikali, ndipo m'ndimemo mawu a Chifalansawa analembedwamo momwemo. Pa 3 Julayi 2013 asilikali a ku Egypt anachotsa Pulezidenti Mohamed Morsi, koma boma la Barack Obama linanena kuti lamulo silikulikakamiza kugamula ngati chimenecho chinali coup kapena ayi, ndipo linapewa liwulo, pakuti Egypt inkalandira pafupifupi madola 1.3 biliyoni a thandizo la zausilikali chaka chilichonse. Ku Niger, Pulezidenti Mohamed Bazoum anatsekeredwa ndi alonda ake pa 26 Julayi 2023, koma Washington inadikira mpaka mu Okutobala kuti itchule dzinalo. Ku Zimbabwe asilikali anasamala kwambiri: anasiya Mugabe akutchedwabe pulezidenti, chipani chake chinamuchotsa pa utsogoleri wa chipanicho, Nyumba ya Malamulo inayamba ndondomeko yomuchotsa, iye anatula pansi udindo pa 21 Novembala, ndipo Khoti Lalikulu linagamula kuti zimene asilikali anachita zinali zogwirizana ndi malamulo. Emmerson Mnangagwa analumbiritsidwa kukhala pulezidenti pa 24 Novembala, ndipo African Union sinaimitse dzikolo. Ine ndikuona kuti chinali coup d'état m'mbali zake zonse, ndipo kuvomereza kuti sichinali kunaphunzitsa asilikali a maiko ena kuti chofunika n'kudziwa kayankhulidwe.

Chingerezi chinachitanso china chimene Chifalansa sichinachite, ndicho kudula mawuwa n'kutsala ndi coup yekha. Kwa Mfalansa, coup payekha ndi liwu wamba la kukhitchini ndi kumsika: coup de main ndi kuthandiza mnzako ntchito, coup de téléphone ndi kuimba foni, boire un coup ndi kumwako pang'ono, tout à coup ndi mwadzidzidzi. Akafuna liwu lalifupi la kulanda boma, Afalansa amabwereka putsch wa Chijeremani, liwu limene linatchuka ndi zimene Adolf Hitler anayesa n'kulephera ku Munich mu Novembala 1923. M'Chingerezi coup yekha amatanthauza kulanda boma, ndipo anafalikira kunja kwa ndale za dziko. Akuluakulu a kampani akachotsa mkulu wawo mobisa amati boardroom coup, ndipo anthu oyandikana ndi mtsogoleri akamuchotsa popanda mfuti amati palace coup. Palinso tanthauzo lina losangalatsa, limene limasokoneza omasulira: Mngerezi akanena kuti timu ya mpira yachita coup polemba wosewera wotchuka, akutanthauza kupambana kodabwitsa kochitika mwanzeru, ndipo akuyamikira. Womasulira nkhani amene angalembe kuti timuyo yalanda boma ndiye kuti wasochera kutali. M'bale wina wa mawuwa ndi coup de grâce, kumenya komaliza kotsiriza chinthu chimene chikufa kale, amene amatchulidwa "ku de gras". Angerezi ambiri amasiya s poganiza kuti Chifalansa chonse chimameza mapeto, ndipo potero amatchula liwu lina lotanthauza mafuta a nyama.

M'Chichewa timati "asilikali alanda boma", ndipo ndimakhulupirira kuti pamenepa chinenero chathu chimanena zoona kuposa Chingerezi. Coup d'état ndi dzina lopanda mwini: Mngerezi angathe kunena kuti kwachitika coup osatchula wochita, ndipo chifukwa mawuwo ndi achilendo kwa iye, samva mbama imene ili m'kati mwake. Ife timagwiritsa ntchito mneni, ndipo mneni amafuna wochita. Komanso "kulanda" kuli kale ndi chiweruzo m'kati mwake, pakuti munthu amalanda chimene si chake, monga wolanda munda wa mayi wamasiye. Mawu ena amene timamva pa wailesi, monga "kugwetsa boma" ndi "kuukira boma", ndi otambalala kwambiri, chifukwa boma lingagwe ndi mavoti, ndipo oukira angakhale zigawenga zakunja.

Pamene Chichewa chimavutika, ndipo Chingerezi nachonso chinavutika, ndi pa tanthauzo loyambirira lija, la wolamulira amene akumenya malamulo a dziko lake ali pampando. Angerezi atazolowera kuti coup ndi ya asilikali, anasowa dzina la zimene Louis-Napoléon anachita, ndipo anachita kubwerekanso kuchokera ku Chisipanishi. Pa 5 Epulo 1992, pulezidenti wa Peru, Alberto Fujimori, anatseka Nyumba ya Malamulo ndi kuimitsa malamulo oyendetsera dziko mothandizidwa ndi asilikali, ndipo anthu a kumeneko anachitcha autogolpe, chimene Chingerezi chinachisandutsa self-coup. Pangano la African Union la mu 2007 lokhudza demokalase ndi zisankho linazindikiranso ngozi imeneyi, ndipo m'ndime 23 linaika m'gulu lomwelo mtsogoleri wokana kuchoka atagonja pa chisankho ndi wosintha malamulo pofuna kutsekereza kusinthana kwa maboma. Liwu la self-coup linamvekanso kwambiri usiku wa pa 3 Disembala 2024, pamene Yoon Suk Yeol wa ku South Korea analengeza ulamuliro wa asilikali n'kutumiza asilikaliwo ku Nyumba ya Malamulo. Aphungu ena anachita kulumpha mpanda kuti alowe, 190 anavota kukana lamulolo, ndipo khoti loona za malamulo oyendetsera dziko linachotsa Yoon pa udindo pa 4 Epulo 2025. Mtolankhani wa Chichewa sakanalemba kuti Yoon walanda boma, chifukwa bomalo linali kale m'manja mwake. Akanayenera kutchula chimene ankafuna kulandacho, ndicho mphamvu za aphungu.